Khadi ya Malemu Tahira

Binti wa ku Chigaru anadwala chifuwa masabata awiri. Thupi linkatentha, ndipo akapuma m'nthiti munkabaya ngati muli minga. Ndalama ya chipatala cholipira analibe, pomwe mzere wa kuchipatala cha boma ankauopa.

Koma m'nyumba munali kanthu. Achemwali ake, a Tahira, omwe ankagwira ntchito pa kampani ina ku Limbe, anali atamwalira pangozi ya minibasi. Itatha sadaka ya masiku makumi anayi, abale anagawana katundu wa malemu, ndipo Binti anapatsidwa chikwama cham'manja. M'kathumba kake anapezamo khadi ya inshuwalansi ya zaumoyo, ija anthu a m'tauni amangoionetsa n'kuthandizidwa osapisa m'thumba. Pachithunzi Tahira anali atavala mpango, ndipo awiriwa ankafanana ngati mapasa.

"Khadi imeneyi ingowolera m'chikwama?" anatero mwamuna wake, Fikirini. "Katenge nayo thandizo. Eni ake sabwera kudzaifunsa."

Binti anakwera minibasi pa Lirangwe n'kukafika pa chipatala china cholipira chakufupi ndi Chileka. Anapereka khadi pawindo n'kukhala pabenchi. Linali dzuwa la masana, koma m'chipindamo munali zii, muli iye yekha.

"Tahira Jamal!"

Anali kalaliki wa pawindo akuitana. Dzina limeneli analimva komaliza pamaliro. Anacheukira kukhomo ngati kuti achemwali ake alowa atakulungidwa m'nsalu yoyera ija.

"Tahira Jamal!"

"Ndilipo," anayankha Binti. Mawu ake omwe anamuopsa, chifukwa anamveka ngati a malemu.

Dokotala atamuyeza anati ndi chibayo, ndipo anamutumiza kwa namwino, mayi Enifa, kuti akabayidwe jakisoni. Namwinoyo ankayang'ana pakompyuta uku akumwetulira.

"Mwasowatu, mayi Tahira. Mutu uja unasiya?"

Binti anangogwedeza mutu kuvomera. Kunama kuli ngati kutsetsereka pamatope, ukayamba suima pomwe wafuna.

"Ndikubayani penisilini, yemwe uja tinakubayani mu Juni. Apa palembedwa kuti anakuyanjani bwinobwino."

Binti anakumbukira zakale. Ali mtsikana anabayidwapo penisilini, ndipo anatupa nkhope ndi kukhosi mpaka mpweya kutsekeka. Anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Zimenezi zinalembedwa ndi inki yofiira m'buku lake la kuchipatala, koma bukulo analisiya dala kunyumba popeza linali ndi dzina lake lenileni. Akaulula, manyazi ndi mlandu. Akakhala chete, awatsatira achemwali ake lero lomwe.

Namwino anamupukuta ndi thonje lozizira. Singano inayandikira.

"Dikirani, asisita!" Binti anakuwa. "Ine si Tahira. Tahira tinamuika m'manda mu Ogasiti."

Mayi Enifa anabwerera m'mbuyo, nkhope itasintha. Binti anafotokoza zonse akulira, ndipo namwinoyo anaika jakisoni uja patali.

"Mayi, mukanandifera m'manja ine," anatero namwinoyo. "Khadi imeneyi si tikiti ya basi. Imatsegula mbiri ya thupi la munthu mmodzi: magazi ake, matenda ake, mankhwala omwe amamuyanja. Komanso kugwiritsa ntchito ya wina ndi mlandu."

"Nanga ife akumudzi titani? Makhadiwa amangopezeka m'tauni."

"Zoona, ambiri amene ali nawo ndi a pantchito zolembedwa, ndiye m'tauni ndi ochuluka kuposa kwanu ku Chigaru. Koma musataye mtima. Kuchipatala cha boma simulipira, bola mupite msanga ndi buku lanu. Ngati bambo akunyumba ali pantchito, akafunse ngati angalembetse banja lawo. Ndipo m'gulu lanu la banki m'khonde, yambitsani thumba lapadera lothandiza odwala."

Tsiku lomwelo Binti anakatenga buku lake n'kukaima pamzere wa chipatala cha boma. Anadikira, inde, koma anapatsidwa mankhwala ena omuyenera, ndipo patatha sabata anayambanso kupita kumunda. Khadi ija anaibweza ku kampani kuti dzina la malemu litsekedwe. Fikirini, katswiri wa malangizo uja, masiku amenewo ankayenda chowerama.

Pamsonkhano wa banki m'khonde Binti anaimirira n'kufotokoza manyazi ake osabisa kanthu. Amayi anzake anagwira pakamwa, kenako anavomereza zoyambitsa thumba la odwala.

Khadi ya inshuwalansi ndi ya mwini wake yekha, kaya ali moyo kaya anamwalira. Musabwereke, musabwereketse. Kaya muli m'tauni kaya kumudzi, pitani kuchipatala ndi dzina lanu ndi buku lanu, chifukwa mankhwala amene anachiza m'bale wanu akhoza kukuphani inu.