Ambulansi Yodutsa pa Karonga

"Sindikwera, ndanena kale."

"Koma simunaione n'komwe m'kati mwake, mayi a Sungeni."

"Ndikaonemo chiyani? Ambulansi ndi ambulansi, ngakhale muipake penti wobiriwira n'kuikamo makatani."

Anali amami ndi adadi, akukangana pakati pa yadi ya bungwe la mpingo limene adadi ankagwirako ntchito ku Lavington, mumzinda wa Nairobi. Sungeni wotchulidwayo ndine, ndipo ndinali nditatsamira chitseko cha galimotoyo ngati ndi yathu kale. Munali mu 1999. Ntchito ya adadi inali kutha mu Disembala, tonse tibwerere kwathu ku Mulanje. Bungwelo linkagulitsa ambulansi yakale ya m'tchire, yokoka ndi matayala onse anayi, imene inagwira ntchito zaka zambiri kumpoto kwa Kenya. Wofuna ankalemba mtengo wake papepala n'kuponya m'bokosi la ku ofesi, ndipo bokosilo linkatsekedwa tsiku lomwelo 12 koloko masana.

Maganizo a adadi anali oti aisandutse nyumba yoyenda: bedi pamalo pa machira, sitovu ya gasi pakona, thanki ya madzi padenga. Tisakwere ndege, tiyende pansi, kudzera Namanga, Arusha, Iringa, Mbeya, mpaka kuwoloka Songwe. Ine ndinali nditaloweza mapu amenewo kuposa mmene ndinalowezera zolemba za mayeso a Folomu 4. Ukawoloka Songwe, tauni yoyamba ndi Karonga. Ku Karonga kunali Griffin.

Tinadziwana ku msonkhano wa makwaya a masukulu, iye akuimba besi, ine ndikuphonya mawu chifukwa chomuyang'ana. Chaka chathunthu chinali chitatha ndili ku Nairobi, kalata iliyonse ikutenga milungu itatu panjira. Ndege ikanatitsitsa ku Lilongwe, kenako basi yolowera kumwera, Karonga n'kutsala kumbuyo ngati dziko lina. Msewu wokha ndi umene ukanandifikitsa pakhomo pake. Zimenezi kunyumba sindinanenepo. Ndinkati ndikufuna kuona nyama za ku Mikumi, malo osungira nyama a panjirayo.

"Amami, taonani mita," ndinatero. "Yangoyenda makilomita sikisite sauzande basi. Galimoto ngati iyi imayenda kasanu kuposa pamenepa. Matayala ndi atsopano. Magiya a m'matope akugwira. Ndafunsa ndekha."

"Wafunsa ndani?"

Ndinaloza mlonda wa payadipo, bambo wamtali amene ankatitsatira ndi mpukutu wa makiyi. Iye anamenya boneti ndi chikhatho. "Mama, hii gari ni safi kabisa," anatero, kutanthauza kuti galimotoyo ilibe banga.

"Mayi ako akuopa kuti munagona maliro," anandinong'oneza adadi, koma mokweza dala.

Amami anaika chikwama chawo pansi. Ndinadziwa kuti adadi alakwitsa. Amami anali namwino zaka khumi ndi chimodzi pachipatala cha mishoni kwathu tisanabwere kuno, ndipo mawu oti kuopa sagwirizana nawo.

"Ine kuopa maliro? Bambo a Sungeni, ndatseka maso a anthu ambiri kuposa amene inu mwawapatsa moni chaka chino. Bweretsani kiyi."

Anamanga chitenje pamwamba pa siketi, n'kuuza mlonda alize injini. Inalira bwino, ine n'kumwetulira. Koma amami sanamvetsere kutsogolo. Anazungulira kumbuyo, anagwada pafupi ndi paipi ya utsi, n'kuuza mlondayo aponde mafuta. Utsi unatuluka wabuluu, wonunkha oilo.

"Mita ija imawerenga msewu, siwerenga kudikira," anatero akudzuka. "Ambulansi ikapita kumudzi ndi katemera, imaima pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, injini ikungolira kuti filiji isazime. Matayala saguduka, mita siyenda, koma injini ikukalamba. Iyi ndi nkhalamba yovala yunifolomu ya sukulu."

"Injini imakonzeka," ndinayankha msanga.

"Ndakufunsa?"

Anatsegula zitseko ziwiri za kumbuyo n'kukwera osagwira paliponse, ngati munthu wolowa m'khitchini mwake. M'katimo munali moyera, pansi pali kapeti ya labala yakuda, ngowe yopachikapo diripi ikulendewera kudenga. Ine ndinali nditaona kale pamene padzakhale bedi langa, ndi zenera limene ndidzatulutsirepo mutu tikamalowa m'Karonga, tsitsi nditamanga ndi mpango wofiira. Amami sanaone zimenezo. Anapita pakona ya kumanzere pafupi ndi chitseko, anakanda m'mphepete mwa kapeti ndi chikhadabo, n'kuikoka.

Pansi pake panali pofiira ngati dothi la ku Thyolo.

"Ndibwerekeni bolopeni yanu ija."

Adadi anapereka bolopeni imene ankati alembere mtengo. Amami anaibaya pachitsulo, osati mwamphamvu. Inalowa yonse mpaka chivindikiro. Ataizula, kudzera pabowolo tinaona timiyala ta payadi.

"Wodwala aliyense akatsika, timatsuka ndi klorini," anatero. "Tsiku ndi tsiku, ndowa yathunthu. Madzi amalowa pansi pa kapeti, amakhala pakona iyi chifukwa galimoto imapendekera kuno, ndiye amadya chitsulo mwakachetechete. Amene anatsuka muno anali namwino wabwino. N'chifukwa chake pansi patha."

Mlonda anayang'ana kumwamba ngati waitanidwa ndi mbalame. Adadi anasuzumira pabowopo nthawi yaitali, kenako anapinda pepala lolembapo mtengo kawiri n'kuliika m'thumba la malaya.

"Basi, ndi chitsulo chakutha," anatero. "Tiyeni tizipita. Ndege ilipo."

Nthawi inali itadutsa hafu leveni. Ndinakwera m'ambulansimo, ndinakhala pabenchi ya namwino, n'kupinda manja.

"Sinditsika."

"Iwe Sungeni, anthu akutiona," anatero adadi.

"Aone. Bowo limodzi basi mwagonja? Dzulo lomweli mumajambula mashelefu papepala la ku tchalitchi, Misa ili m'kati. Munati mwatopa ndi kuona Afirika pawindo la ndege. Lero bolopeni yakuopsani?"

Sindinayambe ndayankhulapo choncho kwa adadi. Amami anandiyang'ana, osati mokwiya, koma mmene ankayang'anira munthu wonena kuti mutu ukumupweteka pamene vuto lili pena.

Anatsika, anatenga sipanala imene inali pansi pa mpando wa dalaivala, n'kugwadanso. Tinamva akugogoda zitsulo zikuluzikulu za pansi pa galimoto, kutsogolo, pakati, kumbuyo. Kulikonse kunalira ngwe, ngwe, ngati belu.

"Mafupa ake ndi abwino," anatero akupukuta mawondo. "Kumene inali kulibe mvula yambiri, dzimbiri silinafike kuchasisi. Pansi apa mmisiri aliyense wa ku magalaji a ku Grogan angadule n'kuwotcherera chitsulo china. Injini aitsegule, asinthe zakutha. Ikhoza kufika ku Mulanje. Mukalemba, bambo a Sungeni, lembani theka la zimene munaganiza, ndipo mulembenso chifukwa chake, akaone okha bowoli."

Adadi anagwira thumba la malaya. Ine ndinaimirira mpaka kugunda mutu pangowe ya diripi.

"Sindinamalize," anatero amami. "Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala pabenchi imeneyo, msana ukugunda khoma, botolo la diripi lili m'manja. Ndinalumbira kuti sindidzakhalaponso. Ngati ndikhalepo masiku khumi, ndidziwe chimene ndikuvutikira. Bambo akowa chawo ndikuchidziwa, akufuna kusewera ngati mwana, ndipo ndi ufulu wawo. Nanga iwe?"

"Nyama za ku Mikumi."

"Iwe amene umakwera pampando ukaona mphemvu?"

"Phiri la Kilimanjaro."

"La Mulanje unakana kukwera, unati miyendo." Anatsamira chitseko. "Makalata ako amafikira ku bokosi la ofesi ya bambo ako, ndipo amene amawatulutsa m'jekete mwawo pochapa ndine. Kumbuyo kwake amalemba kuti achokera kwa Miriam, Karonga. Miriam ameneyu amadinda bolopeni ngati akulima. Ndipo mtsikana sathira mnzake perefyumu wachimuna pa envelopu."

"Miriam ndi ndani?" anafunsa adadi.

"Funsani mwana wanu. Kwatsala mphindi khumi, ndipo ofesi ili pamwamba."

Kwathu mtsikana satchula dzina la mnyamata pamaso pa bambo ake. Zimadzera kwa azakhali, azakhali kwa amalume, mpaka zifike zitazizira. Koma azakhali anga anali ku Mulanje, ndipo kalata yopita kumeneko inkatenganso milungu itatu. Ndinayang'ana bowo lija, kenako bolopeni imene inali m'manja mwa amami, dzimbiri likadali kunsonga. Ndinaitenga n'kuipereka kwa adadi ndi manja awiri.

"Dzina lake si Miriam, adadi, ndi Griffin. Amakhala ku Karonga, pafupi ndi msewu. Nyama ndilibe nazo ntchito. Ndikufuna tidutse pakhomo pawo, muimitse galimoto, mutsike nonse awiri, mumuone. Lembani."