Gitala Yomwe Inagona M'matope Masiku Asanu

Evelesi Nyamithambo ndiye ankaliza gitala m'kwaya ya amayi kumpingo kwawo ku Nyachikadza, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu ankalimbana ndi gitala imodzi yamatabwa. Mawu ake anali okoma, koma nyengo ya kuchigwa sinkagwirizana nayo. Dzinja likafika, chinyontho cha m'madambo chinkaitupitsa, nsambo n'kutalikirana ndi khosi mpaka zala kuchita matuza. Ikakwana Okutobala, kutentha kuja kosasiya ndi wa pamthunzi yemwe, thabwa la pamimba linkang'aluka.

Katatu konse anaoloka nayo Shire kupita kwa a Shadreck, kalipentala wa pa boma la Nsanje. Ulendo wachinayi mkuluyo anaitembenuza, n'kusuzumira khosi lake ndi diso limodzi, kenako anaibweza.

"Mayi, apa ndimatenso pati? Guluu wachuluka kuposa thabwa. Khosili lapindika, silingawongokenso."

Chaka chomwecho mchimwene wake Howard, yemwe ankasamala maluwa panyumba ina ku Joni, anabwera ndi gitala imene abwana ake anamusiyira posamuka. Inali yakuda bii, yopepuka ngati dengu lopanda kanthu.

"Iyi si ya mtengo, achemwali," anatero Howard. "Amati kaboni faiba. Ndi ulusi wolukidwa ngati mkeka, n'kuumitsidwa ndi utomoni. Siimwa madzi, siiopa dzuwa, chiswe sichiidziwa n'komwe."

Evelesi atangoiliza, anagwa ulesi. Mawu ake anali okwera ndi akuthwa, opanda kufatsa kuja kwa gitala yakale. Tsiku lokonzekera nyimbo amayi anaseka, ndipo mayi Juliana, wapampando wa kwaya, sanabise.

"Imeneyi ikulira ngati beseni. Bola tizingowomba m'manja."

Koma Evelesi sanaisiye. Miyezi iwiri yathunthu, akaweruka kudimba, ankakhala nayo pansi pa mtengo wa mango. Anataya kapulasitiki kokhwatchira nsambo, n'kuyamba kuliza ndi mnofu wa chala chachikulu. Anasuntha dzanja kufupi ndi khosi, pomwe mawu amafewa. Anazindikiranso kuti akaichuna Lamulungu, Lachitatu ankaipeza ili momwemo, kaya kwagwa mvula kaya kwang'amba dzuwa.

Mu Januwale madzi anasefukira. Anafika mmawa wa Lamulungu anthu akukonzekera zakutchalitchi, ndipo m'bwato lomwe linadzatenga banja la Evelesi munangokwana iye, ana ake ndi thumba limodzi la mapira. Gitala inatsala chipachikire kudenga. Anthu a m'mudzimo anakasungidwa pasukulu ina kwa Ndamera.

Pakati pawo panali Priska, wamng'ono pa onse m'kwaya, amene ukwati wake ndi Geresomo unali utalengezedwa kale kuti udzachitika Loweruka la sabata yomweyo. Ankhoswe anati uyambe waima, koma Priska anakana pamaso pa onse.

"Madzi atenga nyumba, atenga mbuzi, diresi langa lapita. Tsikuli lokha asatenge."

Evelesi atamva mawuwo anadzuka pomwe anakhala. "Ngati ukwati ulipo, gitala ikhalaponso."

Lachisanu mmawa anapita kudoko kwa a Fanuel, msodzi wachikulire amene ankaolotsa anthu.

"Mayi, madzi sanaphwe bwino, ndipo ng'ona zili paliponse," anatero a Fanuel. "Mukufuna kufera chinthu choti chinafumbwa kale?"

"Mukakana, ndibwerekeni mwadiya wanuyo, ndipalasa ndekha."

Atamva zimenezo, mkuluyo anakankhira bwato m'madzi.

Anapalasa kudutsa pamwamba pa minda ya chimanga, ngayaye zokha zikuoneka. Nyumba ya Evelesi anaizindikira ndi mtengo wa mango. Zipupa zinali zitasungunuka, denga litakhala pamatope. Evelesi anatsika, matope akumulekeza m'mawondo, n'kuyamba kukanganula udzu ndi manja. A Fanuel anamuthandiza kutukula mitengo ndi nkhafi. Dzuwa litafika pamutu, dzanja la Evelesi linagunda chinthu chosalala.

Anaisolola ikulemera ngati mwana, mimba yonse itadzaza thope. Anaimiza m'madzi, n'kuikhutchumula, n'kuimizanso, mpaka munatuluka nkhono ziwiri ndi kachule. Kenako anaikweza n'kusuzumira khosi. Linali lowongoka. Anapapasa m'mbali monse, osapeza mng'alu kapena potupa.

"Ha!" anatero a Fanuel. "Chikhala thabwa, bwenzi tikutola zidutswa."

Nsambo zokha ndizo zinachita dzimbiri. Atabwerera kusukulu kuja anazikwecha ndi phulusa ndi kansanza. Yaing'ono kwambiri inaduka pokunga, ndipo Geresomo anamasula waya wa buleki ya njinga yake n'kumupatsa.

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza. Anthu sanakwane pakhonde la sukulu, choncho kwaya inaima pabwalo. Priska anatuluka atavala chitenje chobwereka ndi bulauzi yoyera ya mayi Juliana. Evelesi anaima kutsogolo, madontho akuyenderera pagitala, n'kuyamba nyimbo yolowera. Amayi anailandira, oyamba mwamantha, kenako onse ndi mphamvu. Anthu ochokera m'midzi ina, amene kwa sabata yonse ankangokhala chete m'makalasi, anayamba kutuluka mmodzimmodzi.

Abusa atamaliza kudalitsa, bambo ake a Priska, omwe sanayankhulepo chigwereni nyumba yawo, anavula nsapato n'kulowa m'bwalo.

"Mayi Nyamithambo, ikani ina yothamanga," anatero. "Ndikufuna ndivine ndi mwana wanga."

Evelesi anapukuta zala pachitenje, n'kuyamba.