Anyani a pa Waya wa ku Tembwe

Kompyuta italira kachitatu, Eugene sanadzutse n'komwe mutu.

"Anyani aja ayambanso," anatero.

Ntchito yake inali yoyang'anira magetsi a m'boma lonse la Chama ali khale pampando. Makina atsopanowa ankadula okha magetsi waya ukakhudzidwa, kenaka n'kumuuza pomwe pavuta. Koma abale, makinawo anali amantha! Nyani akangolumphira pa waya wa ku Tembwe, iwo ankakuwa ngati kwagwa maliro. Mwezi umenewo anali atakuwa kakhumi, ndipo kakhumi konse anali anyani.

Tsiku limenelo pagalasi la kompyuta panalembedwa zofiira: waya wagwa pansi, musayatse. Lamulo linali loti adikire Aaron, wokwera mapolo a magetsi, akaone ndi maso ake. Koma Aaron anali akadali panjira ndi njinga yamoto, ndipo foni inkangolira.

"Ba Eugene, manje tigaye ndi mano?" anakalipa pafoni mayi wina wa chigayo. "Anthu ali pamzere kuyambira m'mawa!"

Eugene anayang'ana mawu ofiira aja, mtima ukumuletsa. Kenaka anatsonya, n'kudina batani. Magetsi anabwerera, koma iye asanatsamire n'komwe pampando, anazimanso.

Posakhalitsa Aaron anaimba.

"Ndani wayatsa?"

"Ndine. Si anyani kodi?"

"Anyani ati? Polo yadyedwa ndi chiswe, yagwa. Waya wagona pakati pa njira ya kusukulu. Ndafika ana akuweruka, ndikuwakuwira kuti aime, basi waya n'kuthetheka moto pamaso panga!"

Hazel, mkazi wa Eugene, ankaphunzitsa pasukulu yomweyo, ndipo mwana wawo Tamala ankadutsa njira imeneyo masana alionse.

"Wafa ndani?" anafunsa Eugene monong'ona.

"Mbuzi ziwiri. Zinali patsogolo pa ana."

"Nanga ana?"

"Ali moyo. Woyamba anali Tamala wako. Ndawerenga pamchenga, mapazi asanu ndi awiri kufika pawaya."

Foni inamupulumuka n'kugwera patebulo. Eugene anachita mantha amene anali asanawamvepo chibadwire. Anayang'ana chala chake ngati cha munthu wina.

Foni inaliranso. Anali mayi wa chigayo uja. Pagalasi mawu ofiira anali pomwepo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Eugene anakhalira manja ake onse awiri, n'kuisiya foniyo ilire.