Matabwa a Napenti

"Tembenuza chiyang'ane kukhoma icho!" azakhali anakuwa ataphimba kumaso ndi dzanja, koma diso limodzi likusuzumira pakati pa zala.

Chitsiriza sanatembenuze. Anaima pakati pa chipinda cha malemu mkulu wake atakumbatira thabwa lojambulidwa chithunzi ngati mwana wodwala. Panali patangotha masiku atatu chiikire maliro. M'chipindamo munkanunkhabe penti ndi parafini, ndipo pawindo panali kapu ya tiyi yomwe mwini wake anaisiya theka tsiku lomwe anamutengera kuchipatala.

Malemuwo pakhomopo ankawatchula kuti Napenti, dzina lachipongwe lomwe iwo analilandira ndi manja awiri. Anasiya matabwa khumi ndi awiri, ndipo pa lililonse anajambulapo mkazi wosavala. Sanali akazi osalala a m'magazini ayi. Zinali mimba zamizeremizere ya uchembere, mawere ogwa, ntchafu zonenepa, misana yopindika ndi ntchito, zonse zowala ngati dzuwa likutulukira m'kati mwa khungu. Nkhope sankajambula. Ankati nkhope imadziwa kunama. Burashi sankaikonda kwenikweni, penti ankamata ndi mpeni wopakira batala, mokhuthala, mpaka thupi kutumphuka pathabwa.

"Azakhali, Loweruka kukubwera mayi wa nyumba yoonetserako zithunzi," anatero Chitsiriza mothamanga. "Anagwirizana kale ndi achemwali. Chionetsero chawo choyamba! Dzina lawo lidzalembedwa pakhomo, anthu adzabwera atatchena. Angotsala masiku awiri basi."

"Adzaone chiyani? Matako?"

Amalume, omwe ankagogoda thabwa lina ndi chala kuti amve kulimba kwake, anaseka mpaka kutsokomola.

"Komatu mwanayu anali ndi diso," anatero. "Taonani uyu wa chipsera cha moto paphewa. Ndikuchita ngati ndinamuonapo atapachika mwana kumbuyo. Alamu, si inu amene munagwera pambaula muli mtsikana?"

Azakhali anakoka bulauzi paphewa ngakhale inali yotseka mpaka m'khosi.

"Ndinkamutuma kundipaka mankhwala kumsana, kani iye akundiba ndi maso! Mfiti ya mwana. Mawa kubwera azimayi a kumpingo kudzapepesa, apeze zimenezi? Titenthe!"

"Kutentha matabwa abwinobwino chonchi?" amalume anadandaula. "Khola langa la nkhuku likudontha. Ndili ndi penti woyera wotsala pomwe ndinkakonza shopu. Tingowaveka azimayiwa, nkhani ithe."

Chitsiriza anathamangira pakhonde pomwe amayi ake anakhala pampando wa pulasitiki, manja ali pamiyendo. Ng'ala inali itawadya maso onse awiri, moti ankangosiyanitsa usana ndi mdima. Anagwada n'kuwagwira bondo.

"Amayi, aletseni. Mawu anu amodzi okha."

"Ali moyo ndinamuuza kuti asiye," amayiwo anayankha osatembenuka. "Ndinamulipirira kosi ya unamwino, iye n'kukasankha kuvula anthu. Tsiku lililonse, 'Amayi tangogwirani, amayi tangokhudzani kamodzi.' Ndigwire zonyansa ine? Manyazi wandichititsa okwanira. Achimwene, pakani!"

Amalume anapaka akuimba mluzu. Anawandandalika matabwawo panja, motsamira khoma la nyumba, n'kumayendetsa burashi yaikulu ya shopu kuchokera pamwamba kutsika pansi. Mkazi wofiirira ngati dothi lonyowa anamira. Wina wa mimba ya miyezi isanu ndi itatu, yemwe mchombo wake unali ngati nyenyezi, anamira. Aliyense akamira amalume ankati, "Wavala uyu, wotsatira!" Penti woyera ankadonthera pa nsapato zawo zomwe anapita nazo kumanda.

Chitsiriza anazemba ndi thabwa limodzi n'kukalilowetsa pansi pa matiresi ake. Linali lomwe Napenti analijambula kwa miyezi isanu ndi umodzi, la mkazi wa bere limodzi. Zaka zitatu zapitazo madokotala anawachotsa amayi bere lakumanzere, ndipo amene ankawasambitsa ndi kuwatsuka bala anali Napenti yekha. Chichokereni kuchipatala amayiwo ankaika nsalu yopindapinda m'kamisolo, ndipo nkhaniyo sinkatchulidwa pakhomopo.

Azakhali anawerenga matabwa apanja kawiri.

"Khumi ndi limodzi. Iwe kamtsikana, bwera kuno."

"Sindikudziwa ine."

Mbama inalira. Azakhali analowa kuchipinda, anagubuduza matiresi, n'kutuluka akulikoka thabwalo pansi ngati mbuzi yokana kuyenda. Ataliyang'ana anatsegula pakamwa, kenako anayang'ana kwa mlamu wawo wakhunguyo, n'kumwetulira pang'ono.

"Alamu, mukanakhala ndi maso mukanafa kawiri," anatero. "Ili ulipake ndiwe, mwana wamwano. Sukulu wamaliza, ntchito ulibe. Gwira."

Anamufumbatitsa burashi n'kumugwira pamkono mwamphamvu. Chitsiriza anatseka maso. Anangomva burashi ikudumphadumpha pa mapiri a penti, kukwera ndi kutsika, mpaka azakhali anamusiya.

Kutacha amalume analawirira ndi sowo. Pofika nthawi ya tiyi, matabwa asanu anali atadulidwa kale pakati, ndipo phokoso la sowo linkalowa m'mano. Chitsiriza anakhala pa sitepe, maso atatupa, akuganiza za mayi wa Loweruka uja ndi zomwe adzamuuze.

Amayi anatuluka kufuna dzuwa, akupapasa khoma monga mwa masiku onse. Dzanja lawo linagunda thabwa lomaliza pamzerewo. Anafuna kulichotsa, koma zala zinaima. Penti wa amalume anali wopyapyala. Anabisa mitundu yokha, mapiri ndi zigwa zonse zinali pomwepo.

Zala zinayenda zokha. Zinapeza phewa, zinatsikira pa bere lolemera lakumanja, zinawolokera kumanzere. Kumeneko kunali chigwa, ndi mzere wotumphuka wopingasa, wokhota kumapeto kwake ngati mbedza. Amayi anakweza dzanja linalo n'kudzigwira pachifuwa, pamwamba pa nsalu yopindapinda ija.

Apo m'pamene Chitsiriza anamvetsa za mpeni wa batala, ndi penti wokhuthala yemwe aliyense ankati n'kuwononga. Munthu wopenya sakanafuna zonsezo.

Pansi pa chipseracho zala za amayi zinagwera m'kadzenje. Zinapapasa, zinapeza tina tinayi. Napenti anali atadinda chikhato chake pa penti asanaume, pamalo pomwe ankagwiriza amayi ake powasambitsa. Kachala kakang'ono kanali kokhota, komwe kanathyoka ndi chitseko ali ndi zaka zisanu.

"Alongo, tapatukani pang'ono," amalume anatero atanyamula sowo. "Ili ndi la chitseko."

Amayi sanasunthe.

"Chitsiriza," anaitana motsitsa mawu. "Chinali cha mtundu wanji?"

Mtsikanayo ankadziwa. Chipseracho chinali chagolide, thupi lonse lofiirira ngati uchi uli padzuwa. Anayang'ana penti woyera yemwe anaumira m'zikhadabo zake.

"Choyera, amayi. Monga munafunira."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anatambasula zala zawo n'kuzilowetsa chimodzichimodzi m'chikhato chija. Kachala kakang'ono kokha ndi komwe kanakana kulowa, ndipo anakapinda mpaka kanakwana.