Funsani Amene Anayenda Naye

Mphekesera inazungulira Lokesheni yonse ya Bulawayo: akuluakulu a tauni agwetsa nyumba zimene anthu anamanga okha. Mayi Dorah Mbewe mtima unali m'mwamba. Njerwa za nyumba yawo anaumba ndi manja awo, mwana ali kumsana. Kwawo ku Ntcheu anachokako kalekale. Akagwetsa iyi, alowera kuti?

Anthu a ku Nyasalande anapangana zosankha mtsogoleri wokawalankhulira. Opikisana anali awiri: a Jameson Tembo, odziwa kuutsa msonkhano, ndi a Gibson Nkhoma, munthu wofatsa wa ntchito yakunjanji.

A Lemson, amuna awo a Dorah, analowa akukupiza nyuzipepala.

"Amake Loice, nkhani yatha! Nyuzi ya azunguyi yanyoza a Jameson, ati ngosokoneza. A Gibson yawayamikira. Amene azungu amuda, ameneyo ndiye wathu!"

"Si inu mumati nyuziyi njabodza?"

"Eetu! Ikati kumanzere, ine kumanja."

Koma abale, nyumba n'kuiika pa nzeru yotereyi? A Dorah anangoti kulowa, kutuluka, mpaka anakafika kwa Che Hamidi, telala woyandikana nawo, n'kuwafotokozera zonse.

Che Hamidi anaimitsa makina. "Mayi, amuna anu akuti nyuzi saikhulupirira, koma ndi nyuzi yomweyo ikuwasankhira munthu. Tonsefe tinabwera kuno wapansi, m'magulu, ndipo awiriwa anatsogolerapo maulendo. Panjira ya ku Tete munthu sabisa mtima. Funsani amene anayenda nawo. Safunsa anadya phula."

A Lemson anapita monyinyirika, akazi awo ali patsogolo. Kukomboni yanjanji anapeza mkulu wina wa ku Dedza.

"A Jameson?" mkuluyo anayang'ana pansi. "Mng'ono wanga anatupa mapazi titawoloka Zambezi. Iwo anati dzuwa silidikira munthu. Tinamusiya patsinde pa mlambe ndi chikho cha madzi. Mpaka lero amayi amafunsa."

A Dorah ndi a Lemson sanakhutire ndi pakamwa pamodzi. Anafunsanso ena awiri, nkhani inali yomweyo. Za a Gibson, owadziwa anati paulendo ankadya pomalizira, ndipo munthu wina atadwala anamangitsa machira, iwo n'kugwira kutsogolo.

A Lemson anabwerera atakwiya. "Che Hamidi, ndiye kuti nyuzi yanena zoona?"

"Iyayi. Yawayamikira a Gibson poganiza kuti munthu wofatsa ngogona. Za machira sikuzidziwa."

Lamulungu pamsonkhano a Lemson anaimirira n'kufotokoza zimene anamva. Anthu anasankha a Gibson.

Sabata isanathe, a Gibson anaitanitsa anthu onse. "Akuluakulu a tauni andiuza kuti ndikakutontholetsani, nyumba yanga saigwetsa. Ndakana. Tinabwera limodzi, sitisiya munthu panjira."

A Gibson anapita kumaofesi a tauni, kubwerako, kupitanso, osatopa, mpaka akuluakulu aja anavomera kuti nyumba zolimba azisiya, ndipo banja lililonse salichotsa lisanapatsidwe pokhala. Nyumba ya a Mbewe inatsala chiimire. A Dorah anasisita khoma lawo, misozi ili mbwembwembwe.

"Amake Loice," anatero a Lemson chapansipansi, "tikanatsala patsinde pa mlambe."

Tiphunzirepo, anzanga. Nyuzi ikanyoza munthu sindiye kuti ngwabwino, ikamuyamikira sindiye kuti ngoipa. Musanasankhe mtsogoleri, funsani anthu angapo amene anayenda naye, makamaka za mmene anachitira ndi wofooka.