Mayi Komiti

Kalasi yathu ya Chingerezi cha makompyuta inali pamwamba pa shopu yogulitsa matayala, ndiye fungo la labala linkakwera masitepe limodzi ndi ife. Mawindo sankatseguka. Makiyibodi anali onata ngati wina wadyerapo uchi. Koma chonyansa kuposa zonsezi anali mphunzitsi wathu, amene tinkawatchula kuti a Lilime, chifukwa chilichonse chimene munthu walakwitsa iwo ankati vuto ndi lilime.

Ine ndimalowetsa manambala m'kompyuta pa kampani ya malole, pa desiki ya pafupi ndi khomo pamene fumbi limafikira. Abwana anandilonjeza kuti ndikabwera ndi satifiketi ya kusanthula masisitimu ndi madatabesi, nkhokwe zosungiramo zinthu m'kompyuta, teremu ino, andilowetsa mu ofesi ya okonza sisitimu. Ndikachedwa, malowo apatsa wina. Kujambula matebulo a mu databesi ndi kuwalumikiza ndinkakutha bwinobwino. Chotsala chinali mayeso apakamwa: kuimirira kutsogolo, kufotokoza databesi yako m'Chingerezi, a Lilime n'kupereka malikisi okhaokha popanda wowaona. Ukagwa pamenepo, satifiketi iwala.

Tsiku lina anatiphunzitsa mawu awiri. Anati ukasintha zinthu mu databesi, zimakhala zikulendewera, ndipo ukafuna ukhoza kuzibweza zonse. Kubwezako ndiye rolubaki. Koma ukalemba liwu linalo, zakhazikika basi, sizibwereranso. Liwulo analitchula momeza, milomo ataisongola ngati akuyamwa fupa, ndipo ine ndinamva kuti komiti. Ndinaimika mkono n'kufunsa, ndi mtima woyera, kuti komitiyo imakhala ya anthu angati, nanga ikapanda kukumana tsiku limenelo ndiye kuti ntchito yaima?

Anzanga anaseka, ndipo sindinawasungire kanthu, funsolo linalidi loseketsa. Koma a Lilime anaseka mpaka malovu kudonthera pa desiki yanga. Anati liwulo lilibe i kumapeto, koma ife timapachika i paliponse ngati zovala pachingwe. Anandiimiritsa kuti ndilibwereze, ndilibwerezenso, iwo akuyang'ana pakamwa panga osaphethira. Kuyambira pamenepo dzina langa linali Mayi Komiti.

Mayeso atayandikira anandiuza kuti nditsale. Anati lilime langa ndi lolemera, likufunika thandizo lapadera. Kaofesi kawo kanali kuseri kwa kalasi, kodzaza makompyuta akufa ndi makapu osatsuka. Anatseka chitseko ndi phazi.

"Tatulutsani lilime ndilione," anatero.

Ndisanayankhe, dzanja lawo linali pachibwano panga. Linali lonyowa, lonunkha anyezi ndi perefyumu wotchipa. Anayamba kundifotokozera, ndi mawu awo ophunzitsira aja, kuti mu databesi tebulo silikhala lokha, limafuna rileshonishipu, ubwenzi ndi linzake, ndipo malikisi a mayeso ali m'thumba mwawo. Ndinakankha dzanjalo n'kutuluka. Pampopi wa pansi pa masitepe ndinatsuka chibwano mpaka chinayamba kuwawa, koma fungo lija linandiperekeza mpaka kunyumba.

Nditawafotokozera akulu anga, amene ndimakhala nawo, anati amuna otere ali paliponse, ndingomuzemba mwanzeru, ndizimusekerera pang'ono mpaka satifiketi ilowe m'manja. Ankandifunira zabwino, ndikudziwa. Koma mawu akuti kumusekerera aja anandinyansa pafupifupi ngati dzanja lija.

Phunziro lotsatira linali la kulumikiza matebulo. A Lilime anajambula bokosi limodzi pabolodi, n'kukoka mzere wothera ndi timizere titatu tonga phazi la nkhuku. Anati uku ndi kulumikiza chimodzi ndi zambiri, ndipo chitsanzo chake ndi tambala mmodzi pakati pa nkhuku zambiri. Amuna a kumbuyo anaseka. Ine ndinatembenuka kuona amene sanaseke. Mayi wina wogwira ntchito kubanki anali atazyolika, akupukuta chibwano ndi mpango. Mtsikana wa magalasi, amene ankakhoza kuposa tonse, anali atagwira chibwano chake ngati dzino likumuwawa.

Potsika masitepe ndinawaimitsa onse awiri.

"Inunso anakuuzani kuti mutulutse lilime?"

Wakubanki anangogwedeza mutu. Wamagalasi anati iye anamuitana kawiri, ndipo kachiwiriko chitseko anakhoma ndi kiyi, mwayi woti wina anagogoda. Ankalankhula misozi ikutsika, koma inali misozi ya mkwiyo.

Sukuluyo inali ndi komiti yeniyeni, ya anthu okhala pamipando, yoona za khalidwe la aphunzitsi. Tinapita atatu kwa mayi amene ankaitsogolera. Anatimvetsera bwino, kenaka anatiuza zoona zake mosabisa. Nkhani ikalowa, a Lilime aimitsidwa, mayeso apakamwa aimanso mpaka atapezeka mphunzitsi wina, ndipo ameneyo sangapezeke teremu ino. Anati tili ndi ufulu wobweza dandaulo komiti isanakumane. Anzanga awiri aja analibe abwana owadikira ndi mpando, ndiye onse anayang'ana ine. Ndinaona ofesi ija m'maganizo, ya fani ndi kapeti, koma dandaulo tinalembetsa.

M'mawa wa tsiku lokumana komiti ndinawapeza a Lilime atandidikirira pakati pa masitepe, pomwe munthu sungapatuke. Tayi inali itapotoka, thukuta lili pamphuno. Chingerezi chomeza chija chinali chitathawa, tsikulo anandilankhula Chichewa chosalala ngati cha kumaliro. Anati ali ndi ana, mkazi wawo amadwaladwala, zonse zija kunali kungocheza. Anati anzanga aja ndikawauza ine kuti tibweze dandaulo, amva.

"Mlongo wanga, tipange rolubaki," anatero, akuyesa kuseka. "Malikisi anu ndaika kale, apamwamba zedi. Simudzafunikanso kuimirira kutsogolo. Satifiketi mwezi uno, ntchito ija n'kukhala yanu."

Sindinama, ndinaima. Satifiketi ija ndinaiona, ndipo ndinamva kale mawu a akulu anga akundifunsa ngati mkwiyo umadyedwa. Kenaka a Lilime anatambasula dzanja kuti tigwirane chanza, dzanja lomwe lija, likunyezimira ndi chinyontho. Ndinaganiza za kupachika satifiketi pakhoma n'kumamva fungo la anyezi nthawi iliyonse ndikaiyang'ana. Manja anga ndinawaika kumbuyo.

"Aphunzitsi, munatiphunzitsa nokha kuti rolubaki imatheka munthu asanalembe liwu lija."

"Komiti sinakumane," anatero mofulumira. "Nthawi ilipo."

"Ine ndapanga kale komiti," ndinatero, i wa kumapetoyo ndikumukoka dala.

Anatsegula pakamwa, mwina kuti andikonze katchulidwe monga mwa chizolowezi, koma lilime linawakanika. Ndinadzipanikiza kukhoma kuti ngakhale malaya awo asandikhudze, n'kukwera kumene anzanga ankandidikira.

Ofesi ya fani ija anapatsa wina. Ndikadali pa desiki ya pakhomo, fumbi likundipeza monga kale, ndipo zimandiwawa tsiku lililonse. Teremu ikubwerayi ndikaimirira pamaso pa mphunzitsi watsopano, ndipo liwu lija ndimalitha tsopano, popanda i. Koma anzanga akandiitana kuti Mayi Komiti, ndimayankha.