Chipewa cha a Hatch ndi Nkhumba za a Pike

A Delbert Hatch ankakhulupirira kuti dziko la Amereka linasochera tsiku limene boma linayamba kuuza munthu pomanga khola. Pamsonkhano wapachaka wa tauni yawo, kumapiri a New Hampshire, mwezi wa Malichi, anatulukira atavala chipewa cha ngodya zitatu, chija ankavala makolo oyambitsa dziko, ngakhale chawocho chinali chogula dzana pasitolo.

"Makolo athu anapirikitsa mfumu ya ku Mangalande," anatero akugwedeza kabuku ka malamulo a tauniyo. "Kodi anakhetsa magazi kuti ife tizikapempha chilolezo chokhomera mpanda? Kabukuka kafe! Boma lichepe, munthu apume!"

Manja ovomereza anakwera m'mwamba, kabuku n'kufadi. Amene anakweza onse awiri anali a Orrin Pike, aneba awo, omwe sankalankhulana nawo kwa zaka khumi ndi chimodzi. A Hatch misozi inalengeza m'maso. Choonadi chagwetsa ndi mdani yemwe! Anali ataiwala kuti lamulo loletsa kuweta nkhumba pafupi ndi malire analipempha ndi iwo omwe, pofuna kukhaulitsa a Pike.

Pofika Meyi, ufulu unali utabereka nkhumba zisanu ndi zinayi, khola lake litatsamira mpanda wa a Hatch. Ndipo kuseri kwa mpandawo, pakapinga, ndi pomwe mwana wawo Lorna ankati achitire ukwati mu Juni.

"Adadi," anatero Lorna atatsina mphuno, "fungoli likakhalapobe, ukwati ndikachitira kwa apongozi ku Vermont. Inu mudzaonera pazithunzi."

A Hatch anathamangira ku ofesi ya tauni. Chipewa anachisiya m'galimoto.

"Mayi Tibbets, tumizani woyendera malo akachotse nyansi zija."

Mlembiyo sanadzutse n'komwe mutu. "Woyendera uti, a Ufulu? Munamuchotsa ntchito ndinu. Pano akugulitsa matayala."

"Nanga lamulo lija?"

"Tinalikolezera moto. Linayaka bwino zedi."

Kunalibenso kolowera. A Hatch anakaima pampanda, n'kumakhosomola mpaka a Pike anatuluka ndi ndowa ya madeya.

"Aneba, mwaswera bwanji?"

"Ha! Zaka zonsezi, lero ndasanduka aneba? Ndaswera mwaufulu, achimwene. Simukuumva kununkhira?"

"Ndi za mwanayu. Tachotsaniko nkhumbazi masiku atatu okha."

A Pike anayamba akanda nkhumba ina kumsana, osafulumira.

"Lorna ndilibe naye mlandu, ndinkamuthyolera maapozi ali kamwana. Kumtunda kuli khola langa lakale. Koma ine msana unatha, mukazikusa nokha. Ndipo muvale chipewa chija. Nkhumba zanga zimalemekeza mbiri ya dziko."

Lachinayi masana tauni yonse inandanda m'mbali mwa msewu, popanda chilolezo cha wina aliyense, kuonerera womasula mtundu akulimbana ndi nkhumba. Amene analipo amati yaikazi ina inawagwetsa m'matope kawiri, kachitatu n'kuthawa ndi chipewa kukamwa.

Ukwati unachitikira pakapinga pomwepo, kamphepo kali yaziyazi. A Hatch anaperekeza mwana wawo akutsimphina, a Pike atakhala mpando wakutsogolo, maso ali pakeke.

Lolemba nkhumba zinabwerera pamalo pake. Masiku ano a Hatch atseka mawindo onse, akulemba kalamulo koti akakapereke pamsonkhano wa Malichi. Akuti n'kakang'ono kwabasi, kamzere kamodzi kokha, koti ngakhale makolo aja akanakavomera.